Mabuleki Sakana Mwadzidzidzi

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono, woulutsa ayambe.)

Lero tikamba za mabuleki, makamaka a magalimoto ang'onoang'ono a ntchito aja: pikapu ya Hilux kapena Hardbody yonyamula chimanga ndi feteleza, Suzuki Carry yogawa buledi m'magolosale, Probox yolawirira kumsika ndi matumba a kabichi. Magalimoto amenewa sapuma, ndipo kawirikawiri amasenza zoposa msinkhu wawo.

Ngozi ikachitika pamtsetse, mawu amene timamva ndi omwe aja: "Mabuleki anakana." Amanenedwa ngati tsoka longogwa, lopanda kumene lachokera. Koma mukafunsitsa, mupeza kuti mabulekiwo anakhala akudandaula kwa milungu kapena miyezi. Chopondera chinayamba kutsika kwambiri. Dalaivala anazolowera kupopa kawiri asanaime. M'mawa uliwonse ankawonjezera timafuta pang'ono, osadzifunsa kuti a dzulo aja apita kuti. Ndikufuna kuti pofika kumapeto kwa pulogalamu ino mukhale mukumva chilankhulo cha mabuleki anu, ndipo mudziwe zimene mungakonze nokha ndi zimene muyenera kusiyira amakaniko.

Tiyambe ndi funso ili: phazi la munthu limaimitsa bwanji galimoto yolemera matani awiri? Ngati muli ndi sirinji yopanda singano, yesani izi. Kokerani madzi mpaka idzaze, tsekani kukamwa kwake ndi chala, kenako kankhani. Sisuntha ngakhale pang'ono, ndipo mphamvu yonse mukuimva pachala chotsekacho. Tsopano tayani madziwo, mukokere mpweya, mutsekenso n'kukankha. Ilowa mpaka pakati, mukaisiya ibwerera. Madzi sapanikizika, mpweya umapanikizika. Nkhani yonse ya lero yagona pamenepo.

Mfalansa wina, Blaise Pascal, ndi amene anafotokoza m'zaka za m'ma 1600 kuti mukakankha zamadzimadzi zotsekeredwa, mphamvuyo imafika paliponse mofanana. Patapita zaka zambiri, Malcolm Loughead wa ku America anagwiritsa ntchito nzeruyi popanga mabuleki a galimoto, ndipo mu 1921 galimoto ya Duesenberg inatuluka ndi mabuleki amafuta pamawilo onse anayi. Asanabwere amenewa, mabuleki ankakokedwa ndi zingwe ndi ndodo zachitsulo, ndipo kunali kovuta kuti mawilo onse agwire mofanana.

Mugalimoto yanu zimayenda chonchi. Mukaponda, ndodo imakankha pisitoni mkati mwa masta silinda, ija ili pansi pa boneti kutsogolo kwa dalaivala, yokhala ndi kabotolo koyera pamwamba pake. Mafuta amathamanga m'mapaipi achitsulo, n'kudutsa m'mapaipi alabala pafupi ndi mawilo. Kutsogolo amakankha pisitoni ya mu caliper, mapadi awiri n'kupana disiki. Kumbuyo, pamagalimoto ambiri a ntchito, kuli madilamu: silinda ya kuwilo imatambasula ma shoe awiri kuti akhudze mkati mwa dilamu. Pisitoni ya masta ndi yaing'ono, za kumawilo ndi zazikulu, n'chifukwa chake mphamvu ya phazi imachulukitsidwa.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, opanga magalimoto anayamba kugawa njira ya mafutayi pawiri, kuti paipi imodzi ikaphulika mawilo awiri atsale akugwira. Nzeru imeneyi yapulumutsa anthu osawerengeka. Koma ili ndi msampha wake. Munthu amatha kuyenda sabata yathunthu ndi theka la mabuleki, akumangoti "yayamba kutsika pang'ono," chifukwa m'tauni galimoto yopanda katundu imaimabe. Tsiku losenza matumba ndi limene amazindikira kuti theka linalo linafa kalekale.

Tsopano tifike pa mafuta a mabuleki, amene amakaniko ambiri amangowatchula kuti fuluwidi. Apa ndichedwapo, chifukwa ndi chinthu chotsika mtengo kuposa zonse za m'mabuleki, komanso ndi chimene timachinyalanyaza kuposa zonse. Oyilo wa injini timasintha mokhulupirika, timalemba ngakhale makilomita pakapepala. Koma ndifunse inu bambo dalaivala, inu mayi mwini pikapu: fuluwidi amene ali m'galimoto yanu anathiridwa liti? Ambiri tinagula magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan. Anayenda panyanja, anatsikira ku Dar es Salaam, analowera pa Songwe, ndipo mpaka lero akuyendera fuluwidi amene anabwera naye.

Vuto lake n'lakuti mafuta amenewa amamwa chinyezi. Amachikoka mumpweya kudzera pa kabowo ka chivindikiro ndiponso pang'onopang'ono kudzera m'mapaipi alabala, ngakhale pasakhale podontha paliponse. Pabotolo mumaona palembedwa DOT 3 kapena DOT 4. Malinga ndi muyezo wake, DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, ndipo DOT 4 asanafike madigiri 230. Koma akamwa madzi okwana magawo osakwana anayi pa 100 alionse, muyezo womwewo umatsika kufika pa madigiri 140 kwa DOT 3 ndi 155 kwa DOT 4. Taonani kusiyana kwake. Timadzi tochepa choncho tachotsa madigiri opitirira 60.

Wina anganene kuti madigiri 140 ndi ambiribe, nanga madzi a tiyi si amawira pa 100? Tiyeni tiwerengere. Mabuleki saimitsa galimoto mwamatsenga, amasandutsa liwiro kukhala kutentha. Pikapu yolemera matani awiri ikatsika phiri la mamita 500, mphamvu imene iyenera kutayidwa ndi yokwanira kuwiritsa madzi ozizira pafupifupi malita 30. Ina imatengedwa ndi mphepo ndi matayala, koma yotsalayo iyenera kupita kwina: ku injini ngati muli m'giya yotsika, kapena ku timapadi tinayi ndi ma shoe anayi ngati mwangodalira phazi. Ndipo mitsetse yotere sitichita kuifuna kutali. Blantyre ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000, pamene Chikwawa ili pamamita pafupifupi 100, ndipo kutsika kwakukulu kumachitikira m'makona a ku Thabwa. Kuli Khwekhwelere, pochoka ku Dedza kutsikira ku Golomoti. Kuli Chiweta, potsikira kunyanja ku Rumphi. Kuli msewu wotsika kuchokera pamwamba pa phiri la Zomba.

Pamtsetse wotere kutentha kumachoka m'mapadi, kulowa mupisitoni, n'kufika kufuluwidi. Madzi aja amawira, n'kusanduka nthunzi. Nthunzi ndi mpweya, ndipo mwaona kale pa sirinji chimene mpweya umachita. Mukuponda, chopondera chikungopita mpaka pansi, galimoto ikuthamangabe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene chimatsatira. Dalaivala amene wapulumuka amaima pambali, mtima uli thithithi. Pakapita mphindi makumi awiri kapena atatu, nthunzi ija imazizira n'kubwerera kukhala madzi. Akaponda apeza mabuleki alimba bwinobwino, ndiye amati, "Zinangochitika," n'kupitiriza ulendo. Ayi ndithu, sizinangochitike. Fuluwidi ameneyo watha ntchito, ndipo pamtsetse wotsatira adzawiranso. Opanga magalimoto ambiri amati azisinthidwa yense pakatha zaka ziwiri zilizonse. Kusintha, osati kuwonjezera. Watsopano amakhala woyera, wotuwira pang'ono kuchikasu. Akada bii, musafunsenso munthu. Komabe dziwani kuti mtundu wokha sunena zonse, chifukwa fuluwidi wooneka bwino akhoza kukhala atamwa kale madzi. Ngati simukudziwa tsiku limene anathiridwa, musintheni.

Pali kukana kwina kofanana nako koma kosiyana. Mapadi akatentha mopitirira, amaleka kugwira: chopondera chili cholimba, mukuponda ndi mphamvu zonse, koma galimoto ikungotsetsereka, ndipo mukumva fungo la chinthu chopsa. Mankhwala a zonse ziwirizi ndi amodzi, ndipo ndi aulere. Lowetsani giya yotsika musanayambe mtsetse, osati muli pakati pake. Giya imene mungakwerere phiri limenelo ndi imene muyenera kutsikira. Ngati galimoto ndi ya otomatiki, pali 2 ndi L, kapena B pa ena. Zilembozo sanaziikire kukongoletsa. Pondani mwamphamvu kwa kanthawi, liwiro litsike, kenako siyani kuti madisiki apume. Kugoneka phazi pachopondera kuchokera pamwamba mpaka pansi ndi kumene kumaphika mabuleki.

Ndiyankhulenso ndi inu amene mumaika pa nyutulo, kapena kuzimitsa injini kumene, kuti mupulumutse mafuta. Ndikudziwa mtengo wa petulo ndi dizilo, ndikudziwanso kuwawa kogona pamzere wa pa filling station. Koma mukachotsa giya mwasenzetsa mabuleki katundu yense wa phiri. Mukazimitsa injini mwaphanso busta, chigubu chakuda chozungulira chija chili kuseri kwa masta silinda, chimene chimathandiza phazi lanu pogwiritsa ntchito kukoka kwa mpweya kochokera ku injini. Injini ikazima, mumatsala ndi kuponda kuwiri kapena kutatu kopepuka, kenako chopondera chimauma gwa. Kumbuyo mwanyamula anthu a matola. Chonde musatero.

(Nyimbo yaifupi.)

Tabwereranso. Tisanagwire sipanala, pali lamulo limodzi la kabotolo kaja limene silisintha: mulowe fuluwidi wa mabuleki yekha, wa mtundu umene walembedwa pachivindikiro. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi apachibale, amatha kusakanikirana, ngakhale kuti simuyenera kuthira DOT 3 m'galimoto yofuna DOT 4. Koma DOT 5, wopanda kadontho ndi 1, ndi wa silicone, ndipo sasakanikirana ndi enawo. Oyilo wa injini, mafuta a giyabokosi, mafuta a power steering, mafuta ophikira, zonsezi ndi poizoni ku malabala a mabuleki. Amafufuma n'kufewa, ndipo pamapeto pake muyenera kusintha labala aliyense kuyambira kumasta mpaka kumawilo. Ena akathedwa nzeru panjira amathira madzi a sopo. Madziwo adzawira pa madigiri 100 ndipo adzasiya dzimbiri m'masilinda onse. Gulani fuluwidi wa m'botolo lomata. Wa m'botolo limene linatsegulidwa miyezi yapitayo n'kumangokhala pashelefu wamwa kale chinyezi. Akadonthera pa penti ya galimoto tsukani msanga ndi madzi, chifukwa amasupula. Ndipo musasunge m'botolo la zakumwa pamene ana angafikire. Ndi woopsa akamwedwa.

Pakabotolo pali mizere iwiri, MAX ndi MIN. Fuluwidi akamatsika pang'onopang'ono pa miyezi yambiri, n'chifukwa chakuti mapadi akutha ndipo mapisitoni atuluka kwambiri. Pamenepo kabotolo kakukuuzani kuti mukaone mapadi. Koma akamatsika pa masiku owerengeka, penapake pakudontha, ndipo galimotoyo siyenera kunyamula munthu kapena katundu mpaka mutapapeza. Yalani katoni pansi pake usiku. Tengani tochi, suzumirani mkati mwa tayala lililonse. Mukaona mizere yonyowa yochokera pakati pa wilo, kapena kumunsi kwa dilamu kwanyowa ndipo fumbi lamatirira, mwapapeza. Onaninso pamene masta silinda yakumana ndi busta. Penti ikasupuka pamenepo, masta ikudontha chakumbuyo, ndipo nthawi zina fuluwidi amangolowa m'busta osagwa pansi n'komwe.

Phazi lanu nalo ndi chida choyezera. M'mawa, galimoto itaima, pondani n'kugwira osasiya kwa theka la mphindi. Chopondera chikamamira pang'onopang'ono pomwe kunja kulibe podontha, malabala a mkati mwa masta atha. Chikakhala chofewa, chobwerera, chosafika polimba penipeni, muli mpweya. Chikatsika kwambiri koma n'kukalimba pansi, ndipo mukapopa kawiri chikukwera, kawirikawiri ma shoe akumbuyo atalikirana ndi dilamu, ofunika kuwasendeza kapena kuwasintha. Musanyoze kupopa kawiriko. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola, galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Sekondi imene mwataya popopa ndi imene mwana wodutsa msewu amaifuna. Kumbukiraninso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti muime umawirikiza kanayi.

Busta imayezedwa chonchi. Injini ili yozima, popani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka chopondera chiume. Gwirani, kenako lizani injini. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono pansi pa phazi lanu. Chikapanda kutero, onani paipi yalabala yopita kubusta ngati yang'aluka kapena yavuka. Pa injini za dizilo kukoka kwa mpweyako kumachokera ku kapampu kapadera, ndipo pa zambiri zakale kapampuko kali kuseri kwa alternator. Lamba wa alternator akaduka pa galimoto yotere, si batire yokha imene yavutika. Mabuleki nawo auma.

Za mapadi sindichedwapo, ambiri mumazidziwa. Atsopano amakhala ndi nyama yokwana mamilimita 10 kapena kuposerapo. Ikatsala mamilimita atatu, konzekani kusintha. Ambiri ali ndi kachitsulo kamene kamalira tswii nyama ikatsala pang'ono. Mukamva kukhukhuluza kwa chitsulo pa chitsulo, mwachedwa, disiki ikudyeka. Sinthani mbali zonse ziwiri pamodzi, kumanja ndi kumanzere. Padisiki pamadindidwa muyezo wa kupyapyala kotsiriza, padilamunso muyezo wa kukula kotsiriza kwa mkati mwake. Zikapitirira pamenepo, kupala pamakina sikuthandizanso. Mapadi omata nyama yatsopano pachitsulo chakale ndi otsika mtengo, inde, koma guluu wake ngati sanamatidwe mwaukadaulo amagonja pa kutentha, nyama yonse n'kusupuka nthawi imodzi.

Chimene ambiri amaiwala posintha mapadi ndi timapini tiwiri timene caliper imatsetserekapo. Tikauma ndi dzimbiri, padi imodzi imatha inzake ikadali yatsopano, galimoto imakokera mbali imodzi poima, ndipo wilo limodzi limatentha kuposa anzake. Titulutseni, tipukuteni, tipakeni girisi wa mabuleki wosawononga labala, osati girisi wamba wa mabering'i. Caliper mukaimasula imangirireni ndi waya ku sipuling'i, isalendewere pa paipi yake. Ndipo mukamaliza, musanasunthe galimoto ngakhale mita imodzi, popani mpaka chopondera chilimbe. Mapisitoni munawabweza mkati, kuponda koyamba kumapita pansi popanda kugwira chilichonse, ndipo mipanda ya magalaja yambiri yagwa chifukwa cha zimenezi.

Kumbuyo, m'madilamu, ndi kumene kumabisala zambiri, chifukwa sikuoneka mpaka mutatsegula. Mukavula dilamu, tukulani pang'ono kachipewa kalabala ka silinda ya kuwilo. Mkati muyenera kukhala mouma. Mukanyowa, silindayo yatha. Kuika malabala atsopano kumathandiza pokhapokha ngati mkati mwa silinda muli mosalala. Ngati muli timaenje ta dzimbiri, gulani yatsopano, chifukwa labala watsopano adyeka pa milungu yochepa. Ma shoe amene anyowa ndi fuluwidi kapena oyilo wa difu satsukika. Kuwawotcha pamoto kapena kuwaviika m'petulo n'kudzinamiza, asintheni. Tsegulani mbali imodzi kaye, inayo ikhale yoonera mmene masipuling'i akhalira, kapena jambulani ndi foni musanamasule. Fumbi la m'dilamu musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa. Zida zina, makamaka zakale ndi zosadziwika kumene zachokera, zimakhala ndi asbestos, amene amawononga mapapo mwakachetechete ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka zambiri. Nyowetsani, mupukute ndi nsanza, nsanzayo muitaye. Inu amakaniko akuluakulu, anyamata amene mukuwaphunzitsa ntchito ndi amene mumawatuma kuyeretsa madilamu. Atetezeni.

Eni mapikapu, pali kachipangizo kena pansi pa galimoto yanu kamene ambiri sakadziwa. Pamapikapu ambiri opanda ABS, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo pali valavu yolumikizidwa ku ekiseloyo ndi kandodo kapena sipuling'i. Ntchito yake ndi kumva kulemera kwa katundu. Pikapu ikakhala yopanda kanthu, imachepetsa mphamvu yopita kumawilo akumbuyo kuti asamange n'kuzunguza galimoto. Ikasenza n'kukhala pansi, valavuyo imatsegula kuti akumbuyo agwire kwambiri. Tsono ife timakonda kuwonjezera masipuling'i kuti pikapu izinyamula zambiri. Mukatero, galimoto siikhalanso pansi ngati kale, valavu imaona ngati mulibe katundu ngakhale mwasenza tani yathunthu, ndipo ntchito yonse imagwera mawilo akutsogolo. Ngati munawonjezera masipuling'i, kapena kandodo kaja kanathyoka wina n'kukamanga ndi waya, pitani kwa makaniko wodziwa akaitchere bwino.

Mapaipi alabala apindeni ndi dzanja, muone ngati ali ndi ming'alu. Wina aponde inu mukuyang'ana. Paipi ikatupa penapake, ichotseni tsiku lomwelo. Achitsulo nawo atsatireni ndi tochi, makamaka inu a kunyanja ndi inu oyenda m'matope. Paipi yachitsulo yodyeka imasinthidwa ndi paipi ya mabuleki yeniyeni yopindidwa milomo ndi chida chake, osati kuwotcherera, osati kulumikiza ndi kapaipi ka labala ndi waya. Ndipo chizolowezi chotseka paipi ya wilo lodontha ndi msomali, kapena kuipinda n'kuiphwanya ndi pulayala, chimasiya galimoto ya mabuleki atatu imene idzakhotera mbali imodzi tsiku limene mudzaponde mwadzidzidzi. Pepala la COF la ku Road Traffic limanena za tsiku limene galimoto inayezedwa. Za lero mukuzidziwa ndinu.

(Nyimbo yaifupi.)

Tsopano kutulutsa mpweya, kumene kugalaja amati kubulida. Njira yomweyi ndi imene mumasinthira fuluwidi yense. Pafunika anthu awiri, fuluwidi watsopano wokwana lita imodzi, kapaipi koonekera mkati, botolo loyera, ndi sipanala yozungulira yokwana bwino pa kanipulo, kawirikawiri ya 8 kapena 10. Galimoto ikhale pamalo osalala, matayala otsala pansi atsekedwe ndi miyala kapena matabwa. Ngati mwainyamula, ikhale pa masitandi achitsulo. Jeke yokha si yodalirika, ndipo njerwa zimaphwanyika popanda chenjezo.

Yambani n'kukoka fuluwidi wakale m'kabotolo ndi sirinji, muthiremo watsopano mpaka pa MAX. Pansi pa chopondera ikani kathabwa, kuti mnzanuyo asapondereze mpaka pansi penipeni. Chifukwa chake n'chakuti m'masta yakale, kumapeto kumene pisitoni siifikako masiku onse kumakhala dzimbiri, ndipo labala akadutsa pamenepo amang'ambika. Anthu ambiri amabulida bwinobwino, mawa lake masta yafa, osadziwa chimene chaipha.

Mwambo wake ndi kuyambira wilo lakutali ndi masta. Pa magalimoto athu a chiwongolero cha kumanja, kawirikawiri ndi lakumbuyo kumanzere, kenako lakumbuyo kumanja, lakutsogolo kumanzere, n'kumalizira lakutsogolo kumanja. Magalimoto ena ali ndi ndondomeko yawo, choncho ngati buku la galimotoyo lilipo, litsatireni. Valavu ya katundu ija nayo pa mapikapu ena ili ndi kanipulo kake, musaidumphe.

Pukutani kanipulo. Ngati kauma ndi dzimbiri, musalimbane nako. Thirani mafuta omasulira, gogodani pang'ono, dikirani, yesaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kanipulo kakathyokera mkati, ntchito ya ola limodzi yasanduka yogula caliper. Kakamasuka, vekani kapaipi, mbali inayo imire mu fuluwidi pang'ono m'botolo. Ndiye muyambe kuitanizana. Inu muli kuwilo mukuti, "Popa!" Mnzanu apopa katatu, modekha, osati mothamanga. "Gwira!" Iye ayankhe, "Ndagwira." Mutsegule kanipulo pang'ono chabe. Muona fuluwidi wakuda akuyenda m'kapaipi, timathovu tikutsatana, chopondera chikumira. Iye anene, "Chafika." Mutseke kaye, kenako muti, "Siya!" Akasiya inu musanatseke, mpweya ubwerera momwe unatulukira, ndipo mwagwira ntchito pachabe. Bwerezani mpaka m'kapaipi muziyenda fuluwidi woyera wopanda kathovu ngakhale kamodzi.

Pakati pa zonsezi diso likhale pa kabotolo. Mukabulida kanayi kapena kasanu, pitani mukawonjezere. Kakauma, masta imameza mpweya ndipo muyambiranso pachiyambi. Pa galimoto ya ABS izi n'zovuta kwambiri, chifukwa mpweya ukalowa m'bokosi la ABS nthawi zina umafuna kompyuta ya kugalaja kuti utuluke. Pomanga kanipulo musachite kukakamiza, n'kachitsulo kofewa. Kangolimba basi, n'kubwezera kachipewa kake. Fuluwidi amene watuluka asabwererenso m'kabotolo, ndipo musamutaye m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.

Nanga zikakukanikani muli kale pamtsetse, chopondera chapita pansi? Musazimitse injini. Popani mofulumira, kawirikawiri theka lina lija limayankha. Tsitsani giya imodziimodzi. Kokani hendibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani lake, kuti mawilo akumbuyo akayamba kumanga muthe kubweza pang'ono. Lizani hutala. Ngati zonse zalephera, ndi bwino kukhuza mbali ya galimoto kuchipupa cha phiri kapena m'tchire liwiro lisanakule, kusiyana ndi kudikira kona yotsatira. Apa mukuona chifukwa chake hendibuleki iyenera kukhala yamoyo. Imayenda ndi chingwe, siidalira fuluwidi, ndipo galimoto imene imaimikidwa ndi mwala pansi pa tayala yataya kale chitetezo chake chomaliza.

Ntchito iliyonse ya mabuleki ikatha, kuyesa kumayambira pabwalo. Mangani manati a mawilo mopingasa, galimoto itatsika pansi muwalimbitsenso. Pondani mwamphamvu kwa theka la mphindi, kenako zungulirani ndi tochi paliponse pamene munamasula, muone ngati pali chinyontho. Yendani pang'onopang'ono, muime. Pezani msewu wopanda anthu, mufike makilomita 30 pa ola, muponde, muone ngati ikuima mowongoka manja atangogwira chiwongolero mopepuka. Mapadi atsopano amafuna kuzolowerana ndi disiki, choncho imani modekha kangapo kuchokera pa 50 kapena 60, mukusiya mpata woti azizire, ndipo masiku oyamba pewani katundu wolemera ndi mitsetse italiitali. Mukabwerera, yandikizani dzanja pa wilo lililonse osakhudza disiki. Limodzi likatentha kuposa linzake la mbali inayo, pali chimene chikugwira, tsegulaninso. M'mawa mwake onani kabotolo, ndipo lembani tsiku limene mwasintha fuluwidi pa kapepala, mumate mkati mwa boneti.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

(Nyimbo yotsekera.)